Kodi woonera angakane kulowetsedwa m'sewero? Funso la zisudzo za mu Blantyre

Mphunzitsi wa ku Chilomoni analemba kuti:

Ndikupereka moni kwa nonse. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, n'chifukwa chake ndabwera ndi funso limene ena mwa inu mungalione ngati lachibwana. Ndine mayi wophunzitsa pasukulu ya sekondale, ndipo ndinasamutsidwira kuno ku Blantyre chaka chatha kuchokera ku Ntchisi, kumene zisudzo zimene ndinkazidziwa zinali za pa wailesi ndi za ana asukulu akamakonzekera mpikisano. Nditakhazikika mu mzinda muno ndinaganiza zoyamba kuonera magulu a zisudzo oima paokha, amene sali pansi pa sukulu kapena mpingo, chifukwa ndimaphunzitsa mabuku a masewero m'kalasi pomwe ine mwini ndaonapo masewero ochepa kwambiri akuchitidwa ndi akatswiri.

Mwezi wathawu ndinapita kukaonera sewero m'holo ina yaing'ono. Nkhani yake inali ya mwamuna amene anagulitsa chimanga chonse cha banja osauza mkazi wake. Mkangano utafika pachimake, mtsikana amene ankasewera ngati mkaziyo anatsika pansanja, nayenda pakati pa mipando, naima pamaso pa bambo amene anakhala pafupi nane, n'kuwafunsa kuti, "Inu bambo, mukanakhala ankhoswe athu, mlanduwu mukanauweruza bwanji?" Bambowo anayankha mosavutika, anthu anaseka, ndipo sewero linapitirira. Koma ine mtima sunakhalenso m'malo mpaka pamapeto, poopa kuti wotsatira ndikhala ine. Zingaoneke zodabwitsa kwa munthu amene amaima pamaso pa ana 80 tsiku ndi tsiku, komatu m'kalasi ndimalowa nditakonzeka, ndikudziwa chimene ndikukanena, pomwe m'holo muja ndinalowa kuti ndipume.

Tsopano mnzanga wa kuntchito wandiitanira ku sewero lina Loweruka la sabata yamawa, ndipo akuti limeneli likachitikira m'nyumba yakale yogonamo anthu, mopanda nsanja kapena mipando. Akuti oonera amakhala ochepa, amayenda chipinda ndi chipinda pamodzi ndi osewera, ndipo nthawi zina amapatsidwa chochita. Nditamva zimenezi ndinatsala pang'ono kukana pomwepo.

Funso langa lalikulu ndi ili: kodi munthu amene walipira pakhomo ali ndi ufulu wokana akamulowetsa m'sewero, ndipo angakane bwanji popanda kuwononga ntchito ya eni ake kapena kuoneka wamwano? Ndikufunanso kudziwa ngati ndingapite ndi mwana wanga wamkazi wa zaka 14, komanso njira imene inu mumadziwira kuti sewero likuchitikira kuti, poti ine ndimangomva zitatha kale.

Mkulu wa ku Ndirande anayankha kuti:

Mayi mphunzitsi, funso lanu si lachibwana ayi, ndipo landikumbutsa kutali. Ine ndinayamba kuonera zisudzo mu mzinda uno Kamuzu akadali pampando, ndipo Lamlungu masana, tikaweruka ku tchalitchi, ulendo unali wa ku French Cultural Centre, pafupi ndi Chichiri, malo amene masiku ano akutchedwa Blantyre Cultural Centre kuyambira pamene Afalansa anawasiya ndipo boma linawatenga. Kumeneko ndinaona Wakhumbata Ensemble Theatre, gulu limene Du Chisiza Jr analiyambitsa mu 1987, ndipo ndinaonanso Kwathu Drama Group ya Izeki ndi Jakobo, amene mayina awo enieni anali John Nyanga ndi Eric Mabedi. Onse atatuwa anatisiya: Du mu 1999, Izeki mu 2016 ndipo Jakobo mu 2021. Ndikuwatchula chifukwa yankho la funso lanu lili m'mene tinkawaonerera.

Wakhumbata inkasewera m'Chingerezi, ndipo anthu ankabwera atavala bwino ngati akupita ku ukwati, pomwe Kwathu inkasewera m'Chichewa, ndipo holo inkadzaza ndi aliyense, kuyambira kalaliki wa ku banki mpaka mayi wogulitsa mandasi. Koma magulu onse awiri a oonerawa anali ndi khalidwe limodzi: sankakhala chete. Mwamuna wachinyengo akabisala kuseri kwa mpando, mayi wina ankakuwa ali chikhalire kuti, "Ali pomwepo, mtulutseni!" Mwana wamasiye akamazunzidwa, holo yonse inkang'ung'udza, ndipo wozunzayo akagwidwa nthungululu zinkamveka mpaka kumsewu. Palibe amene ankatipempha kuti tichite zimenezi, ndipo palibe amene ankatiletsa. Katswiri ngati Izeki ankadziwa kudikira kuti phokoso lithe, nthawi zina ankamuyang'ana wokuwayo ndi diso limodzi lokha, anthu n'kugwa ndi phwete, kenako n'kubwerera m'sewero ngati palibe chachitika.

Panalinso kutenga mbali kwa mtundu wina kumene achinyamata a lero sakudziwa. Lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi zisangalalo, ndipo sewero linkayenera kuwerengedwa ndi bungwelo lisanaonetsedwe. Olemba anaphunzira kubisa nkhani m'mafanizo, moti sewero lonena za mfumu ya m'nthano kapena za bambo wankhanza pakhomo pake, ife tinkadziwa kumene likuloza. Tanthauzo linkamalizidwa ndi ife oonera, m'mitu mwathu, ndipo kuseka pamalo ena kunkafuna kuyamba wayang'ana amene wakhala nawe pafupi. Munthu ankatuluka m'holo atatopa ngati wagwira nawo ntchito, chonsecho sanadzuke pampando.

N'chifukwa chake ine, kunena mosabisa, sindikondwera ndi mchitidwe wotsika pansanja n'kukoka munthu amene sanapemphe. Ndimaona kuti unachuluka pamene mabungwe anayamba kulemba ganyu magulu a zisudzo kuti akafalitse mauthenga a Edzi, a chisankho ndi a ukhondo, ndipo magulu ena anatengera chizolowezicho m'masewero olipiritsa, kumene munthu wabwera kudzaona luso, osati kudzafunsidwa mafunso ngati ali pamsonkhano wa chitukuko. Sewero lolembedwa bwino limakukoka lokha, silifuna kukugwira dzanja. Choncho ufulu wokana muli nawo wonse, mayi, ndipo musadzimve wolakwa. Mukapita kumene kuli mipando, khalani pakatikati pa mzere, kutali ndi kanjira kodutsamo anthu ndiponso kutali ndi mizere iwiri yakutsogolo, chifukwa wosewera sangadumphe miyendo ya anthu khumi kuti akufikeni.

Za kumene mungamve nkhani ya masewero, masamba a zaluso a The Nation ndi The Daily Times amalengeza ambiri mwa iwo, makamaka sabata ikamapita kumapeto, ndipo zikwangwani zimamatidwa m'mitengo ndi m'makoma a m'mbali mwa msewu wa Chipembere. Jacaranda Cultural Centre ku Mandala imakhala ndi zochitika kawirikawiri, ndipo nyengo ya Pasaka gulu la Solomonic Peacocks limakonza chikondwerero cha zisudzo chimene chimasonkhanitsa magulu angapo, moti m'masiku ochepa mungaone zambiri. Ngati mulibe galimoto, sankhani masewero a masana, chifukwa minibasi za ku Chilomoni sizidikira kuti sewero lithe.

Wazisudzo wa ku Zingwangwa anayankha kuti:

Ndikupempha bambo a ku Ndirande andikhululukire, poti iwo anaona ndi maso zimene ife tinangozimva, koma pa mfundo imodzi ndisiyana nawo. Ndakhala ndikuchita zisudzo kwa zaka zoposa khumi, ndinayambira pa mpikisano wa masewero wa ATEM, bungwe lolimbikitsa kaphunzitsidwe ka Chingerezi, ndili ku sekondale, ndipo ndatsikapo pansanja kukalankhula ndi oonera kambirimbiri, choncho ndifotokoze nkhaniyi monga imaonekera kwa ife amene timaima kutsogolo.

Mchitidwe wofunsa oonera sunayambe ndi ganyu wa mabungwe. Gulu la Travelling Theatre la ku Chancellor College, limene linkayenda ndi masewero m'masukulu ndi m'matauni m'zaka za m'ma 1970, linayamba kupita m'midzi ndi masewero a Chichewa osalembedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, motsogozedwa ndi aphunzitsi monga Christopher Kamlongera ndi David Kerr. Iwo anaona kuti anthu a m'mudzi sangakhale chete pomwe mlandu ukukambidwa pabwalo, ndipo m'malo molimbana ndi khalidweli, anaphunzira kuimitsa sewero pamalo ovuta n'kupereka mlanduwo kwa anthu. Kunja kwa dziko lino, Augusto Boal wa ku Brazil anapita patali kuposa pamenepa, chifukwa m'njira yake woonera amaloledwa kuimitsa sewero, kulowa m'malo mwa amene akuponderezedwa, n'kuyesa yekha njira yothetsera vutolo. Bungwe la Theatre for a Change ku Lilongwe limagwiritsa ntchito njira ya mtundu umenewu. N'zoona kuti magulu ena amachita mwaulesi, amafunsa funso limene yankho lake akulidziwa kale, ndipo apo ndikugwirizana ndi bambo aja kuti n'zotopetsa. Koma mpeni ukacheka molakwika sitiimba mlandu wosula.

Tsopano mayi mphunzitsi, ndikuuzeni chinsinsi chimene chingakukhazikeni mtima pansi. Wosewera amene akudziwa ntchito yake sasankha munthu mwachisawawa. Kuyambira pamene sewero layamba, ife timakhala tikuwerenga nkhope zanu, ndipo pofika nthawi yotsika timakhala titadziwa kale amene akuseka mokweza, amene akuyankhira pansipansi, ndi amene wakumbatira chikwama chake ngati ali m'minibasi ya usiku. Womalizayu timamulambalala, osati chifukwa cha chifundo chokha, koma chifukwa munthu wamantha akaumitsa pakamwa, sewero ndi limene limagwa, ndipo wolitola ndife. Bambo amene anafunsidwa pafupi nanu aja mwina anali atayankhira kale kangapo inu osazindikira. Ngati wosewera walakwitsa n'kufika pa inu, pukusani mutu pang'ono, ikani dzanja pachifuwa monga timachitira pokana chakudya mwaulemu, ndipo yang'anani pansi. Iye adzapitirira, mwinanso adzasandutsa kukana kwanuko kukhala mbali ya nkhani, monga kunena kuti, "Mwaona, ngakhale azakhali akowa asowa chonena." Chimene chimativuta si munthu wokana, koma amene wavomera kenako n'kufuna kulanda sewero lonse, kapena woledzera amene sakufunanso kukhala pansi.

Za sewero la m'nyumba limene mwaitanidwalo, dziwani kuti kumeneko kulibe mzere wapakati wobisalamo, ndipo kungolowa pakhomo ndiye kuti mwavomera kuima pafupi ndi osewera. Komabe kuima pafupi n'kosiyana ndi kulankhula. Fikani msanga, funsani amene akulandira anthu pakhomo, muwauze kuti simukufuna kupatsidwa mawu kapena kukhudzidwa, ndipo gulu lililonse lolongosoka lidzauza osewera ake. Munthu yemweyo mumufunsenso za mwana wanu, chifukwa magulu ambiri salemba pachikwangwani msinkhu woyenera, ndipo ndewu ya m'banja kapena maliro zimene zimapiririka zikamachitikira pansanja patali, zimalasa mtima mosiyana zikamachitika m'chipinda chaching'ono, munthu akulira pafupi nawe moti ukumva mpweya wake.

Ndiwonjezepo mfundo imene oonera ambiri saiganizira. Ena amayesa kuti tikamasewera m'nyumba zakale, m'mabwalo a malo odyera kapena pansi pa mitengo, tikutengera za kunja. Nthawi zambiri chifukwa chake ndi ndalama. Kubwereka holo kumafuna kulipiriratu, kuwonjezera apo zokuzira mawu, jenereta yodikira magetsi akazima, zikwangwani, ndi galimoto yonyamula katundu, ndipo zonsezi zimachokera m'thumba mwa anthu amene masana amagwira ntchito zina. Gulu la zisudzo la Nanzikambe Arts litakhala ndi bwalo lakelake ku Naperi, magulu ambiri anapeza popumira, zimene zikusonyeza kuti vuto lathu lalikulu ndi malo. Gulu likapeza nyumba yaulere, limafunsa kuti, nanga nyumbayi ingafotokoze nkhani yanji, ndipo pamenepo m'pamene luso latsopano limabadwira. Koma nyumba imalowa anthu 20 kapena 30 okha, choncho aliyense amene walowa ulere chifukwa ndi msuweni wa wosewera wachotsa gawo lalikulu la ndalama za tsikulo. Ndinachitapo sewero limene holo inadzaza bwino, koma titawerenga za pakhomo tinapeza kuti sizikukwanira ngakhale kubweza za holo, poti theka la anthu linali la achibale ndi anzathu. Tinabwerera kunyumba wapansi usiku, zovala za sewero zili pamutu. Mukalipira tikiti yanu ndi ya mwana popanda kunenerera, mwatenga kale mbali yaikulu, ngakhale mutapanda kutsegula pakamwa.

Pomaliza, nambala ya foni imene imalembedwa pachikwangwani ndi yothandiza kuposa nyuzipepala. Mukapita kamodzi, pemphani kuti akuikeni pagulu lawo la WhatsApp, ndipo tsatirani masamba a magulu pa Facebook, chifukwa masewero ang'onoang'ono ngati limeneli safika m'nyuzipepala, ndipo tsiku kapena malo zikasintha, uthenga umadutsa kumeneko.

Namwino wa ku London anayankha kuti:

Ndawerenga mayankho onse awiri mwachidwi, ndipo ndikufuna kuwonjezera zimene ndinaona kuno, chifukwa mtundu wa zisudzo umene mayi mphunzitsi aitanidwirako kuno uli ndi dzina lake, amati immersive theatre, ndipo uli ndi magulu amene amachita zokhazo. Lotchuka kwambiri ndi Punchdrunk, limene Felix Barrett analiyambitsa mu 2000. Mu 2023 anzanga a kuntchito ananditengera ku sewero lawo ku Woolwich, kum'mwera chakum'mawa kwa London, m'nyumba zikuluzikulu za pamalo amene kale ankapangirapo zida za nkhondo. Nkhani yake inali ya kugwa kwa mzinda wa Troy, yochokera m'nthano za Agiriki.

Pakhomo anatitsekera mafoni m'timatumba, natipatsa aliyense chigoba choyera chovala kumaso, natiuza malamulo: osalankhula, osavula chigobacho, osakhudza osewera. Kenako anatisiya mu mdima kuti aliyense apite kumene akufuna. Munali misewu, timasitolo, zipinda zogona ndi bwalo lalikulu, zonse zomangidwa m'kati mwa nyumbazo, ndipo unkaloledwa kutsegula madirowa ndi kuwerenga makalata amene wawapeza patebulo. Osewera, amene ndi okhawo anali ndi nkhope zoonekera, ankafotokoza nkhani makamaka ndi thupi ndi kuvina, m'zipinda zosiyanasiyana pa nthawi imodzi, moti palibe munthu amene akanaona zonse. Zochitikazo zinkabwerezedwa m'kati mwa maola pafupifupi atatu, kuti amene waphonya mbali ina aipeze ulendo wachiwiri. Nthawi zina wosewera ankagwira dzanja munthu mmodzi, n'kulowa naye m'kachipinda, n'kutseka chitseko, ndipo anthu a kuno amalimbirana mwayi umenewu.

Ola loyamba ndinalitaya chifukwa ndinkathamangira kulikonse kumene ndaona gulu la anthu likuthamangira, ndipo ndinkafika zinthu zitatha. Nditatopa ndinasankha mayi mmodzi mwa osewera n'kumutsatira kulikonse, ngakhale pamene ankangokhala yekha akusamba m'manja, ndipo apo m'pamene nkhani inayamba kumveka. Pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha. Langizo langa kwa mayi mphunzitsi n'lomwelo: ngati akupatsani ufulu woyenda nokha, musafune kuona zonse, sankhani munthu mmodzi. Valani nsapato zafulati, siyani chikwama chachikulu kunyumba, ndipo musaime pakhomo la chipinda, poti osewera amadutsa mothamanga.

Koma chimene chinandikhalitsa m'maganizo pobwerera pa sitima ndi ichi. Ndinali m'kati mwenimweni mwa sewero, ndinkatha kumva fungo la thukuta la wosewera, chikhalirecho ndinali ngati mzukwa, wopanda nkhope ndi wopanda mawu. Mwana ankaperekedwa nsembe patsogolo pathu, anthu mazana titazungulira, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anati "mayo". Ndinakumbuka agogo anga ku Dedza akuonera gule wamkulu, amene UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inamulemekeza mu 2005 monga chuma cha dziko lonse lapansi. Sindikuyerekeza mwambo ndi chisangalalo cholipiritsa, chifukwa ndi zinthu ziwiri zosiyana, koma pabwalo paja wobisa nkhope ndi wovina, ndipo amayi amene aima m'mbali ndiwo amaimba, kuwomba m'manja ndi kuyankha, moti iwo atakhala chete bwalo lingazizire. Kuno anatembenuza: anabisa nkhope zathu kuti tiyandikire popanda manyazi, koma mtengo wake unali kutilanda pakamwa. Choncho bambo a ku Ndirande akamanena za mayi wokuwa kuti "mtulutseni", ine ndikuona kuti mayi ameneyo anali m'kati mwa sewero kuposa mmene ine ndinaliri ku Woolwich, ngakhale iye sanadzuke pampando ndipo ine ndinayenda mpaka miyendo kuwawa. Ndikukhulupirira kuti gulu la ku Blantyre silingakwanitse kukhalitsa chete anthu a kwathu m'chipinda, ndipo ndikanakonda kumva mmene zikakhalire.

Mkulu wa ku Ndirande anayankhanso kuti:

Mwana wanga wa ku Zingwangwa, palibe chokhululukira, wandiphunzitsa. Za kuwerenga nkhope sindinkazidziwa, ndipo tsopano ndamvetsa chifukwa chake m'zaka zonsezi palibe wosewera amene anandifikapo: nkhope yanga iyenera kuti imaoneka ngati ya wokhometsa msonkho. Ndikuvomeranso kuti kuyankha n'kwathu, poti ngakhale nthano ya pamoto siyenda wofotokoza akati "padangokhala" popanda omvera kuti "tili tonse". Pamene ndikuumirirabe ndi apa: "tili tonse" timanenera limodzi, ndipo palibe mwana amene amaimiritsidwa yekha kuti anene anzake akumuyang'ana. Kuyankha kwa gulu kumabisa wamanyazi, pomwe funso lolunjika munthu mmodzi limamuika poyera, ndipo si osewera onse amene ali ndi diso ngati lako. Ndinaonapo mnyamata akukokera kutsogolo mayi wachikulire amene ankakana moonekeratu, anthu n'kumaseka, ndipo mayiwo sanadikire kuti sewero lithe. Uwauze anzako kuti munthu akapukusa mutu kamodzi, kwatha.

Mphunzitsi wa ku Chilomoni analembanso kuti:

Ndikuthokoza nonse atatu, ndipo ndabwera kudzapereka lipoti monga mwana wotumidwa. Ndinaimba foni pa nambala imene mnzanga anandipatsa, ndipo atandiuza kuti nkhani yake ndi ya maliro ndi kulanda katundu wa amasiye, ndinaganiza zomusiya mwana kunyumba, poti bambo ake anatisiya zaka zitatu zapitazo ndipo zina mwa zimenezi anaziona ndi maso. Ine ndinalimba mtima. Ndinafika msanga, ndinalipira, ndipo ndinauza mnyamata wa pakhomo kuti sindikufuna kupatsidwa mawu. Iye anavomera mwaulemu.

Tinalipo anthu osapitirira 25. Sewero linachedwa kuyamba ndi theka la ola, ndipo magetsi anali atazima, koma sindinathe kudziwa ngati makandulo anali a dala kapena a ngozi. Anatilowetsa ngati anthu obwera pa siwa, amuna anawakhazika panja pamabenchi, ife amayi anatilowetsa pabalaza pamphasa pamodzi ndi namfedwa, ndipo nyimbo ya maliro itayamba tonse tinailandira osauzidwa. Mayi a ku London, yankho lanu ndi limenelo: palibe amene anakhala chete. Achimwene a malemu atayamba kuwerenga mipando ndi kuyeza firiji ndi maso, mayi wina amene ndinakhala naye pafupi, woonera ngati ine ndemwe, anati, "Mulibe manyazi inu," mokweza ndithu.

Kenako anatigawa, ena anatsatira achimwenewo kukhonde, ine ndinatsatira namfedwa kuchipinda monga munandilangizira. Ali m'kati mopinda zovala za mwamuna wake, anatembenuka, nandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundifumbatitsa makiyi a nyumba popanda kunena chilichonse. Pangano lathu sanaliphwanye, poti mawu sanandipatse, ndipo ndikanatha kubweza dzanja, koma sindinabweze. Patapita nthawi tonse tinakumananso pabalaza, ndipo achimwene aja anayamba kufuna makiyi, akugubuduza mitsamiro ndi kukalipira aliyense. Anadutsa pamaso panga kawiri osandifunsa kanthu. Ulendo wachitatu anaima chapatali, nafunsa chipinda chonse kuti, "Alipo amene waona makiyi a nyumba ya m'bale wanga?" Anthu asanu ndi mmodzi amene ndinali nawo kuchipinda kuja ankadziwa kumene ali, ndipo onse anayang'ana pansi. Ndinamva mawu akuti, "Nyumbayi ndi ya ana," ndipo ndinazindikira mochedwa kuti atuluka pakamwa panga. Zimene zinatsatira sindikuzikumbuka bwino, chifukwa ndinali ndikunjenjemera, ndipo mayi uja wa pamphasa anandigwira phewa mpaka pamapeto.

Bambo a ku Ndirande, sindikudziwabe ngati ndinakokedwa kapena ndinalowa ndekha, ndipo pa minibasi ine ndi mnzanga tinatsutsana za nkhaniyi mpaka pa siteji yotsikira. Koma ndili ndi funso lina kwa achemwali a ku Zingwangwa, ndipo ili n'lofulumira. Nditafika kunyumba ndinapeza makiyi aja ali m'thumba la juzi yanga, atatu pa kawaya, ndipo imodzi ikuoneka ngati ya loko weniweni. Foni ya gululo sikuyankhidwa kuyambira dzulo, chonsecho akuseweranso Loweruka likubwerali. Kodi magulu amakhala ndi makiyi ena apadera, kapena ndikwere minibasi mawa ndikaweruka kuti ndikawasiye kwa mlonda wa panyumbapo?